Ndiluze ndi Dzanja Langa

"Menya! Menya pansi, iwe!"

Mawu a mayi ake anadzaza holo yonse ya ku Viborg, ndipo Solvej anaphonyanso. Kampira ka nthenga kanakodwa mu neti n'kugwera mbali yake. Gemu yoyamba inathera pomwepo, Ditte wa ku Odense, amene ankapikisana naye, atamusiya kutali.

Solvej anali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma ndi ochepa amene ankamutchula dzina lake. Kwa ena onse anali "mwana wa Gunvor". Pa utsikana wawo, mayi Gunvor anali katswiri wa badimintoni m'dziko lonse la Denmark. Akalumpha n'kumenya, mnzawo ankangomva kuti phaa, kampira kali kale pansi. Bondo litawavuta anayamba kuphunzitsa achinyamata, ndipo pa onsewo amene ankamupanikiza kwambiri anali mwana wawo yemwe.

Tsono Solvej sanatengere msinkhu wa mayi ake. Anali wamfupi, wa mikono yowonda. Luso lake linali lonyengerera kampira kuti kangodutsa neti pang'ono n'kugwa ngati tsamba, koma mayi ake ankati amenewo ndi masewero a anthu amantha. Ndipo awa anali masewero otsiriza a mpikisano: wopambana akanalowa m'timu ya achinyamata ya dziko.

Pa nthawi yopuma, mayi Gunvor anadzuka pa mpando wa mphunzitsi n'kumupatsa botolo la madzi.

"Kodi ukusewera kapena ukusisita mphaka? Ine pa msinkhu wakowu..."

"Amayi, chokanipo pa mpandopo."

"Wati chiyani?"

"Ndati chokanipo. Kakhaleni kumtunda uko ndi makolo anzanu. Mukapanda kuchoka ndichoka ndine, ndipo chomenyera ichi sindidzachigwiranso."

Maso sanawagwetse pansi. Woimbira masewero anayang'ana kumbali ngati sanamve.

"Uluza, mwana iwe," anatero mayi ake motsitsa mawu.

"Ndiluze ndi dzanja langa. Ndi lanuli ndaluza mokwanira."

Mayi Gunvor anatola jekete lawo n'kukwera masitepe akutsimphina, anthu akunong'onezana.

Atabwerera m'bwalo, Ditte anamuseka ali tsidya lina la neti. "Bwanji, akuthawa amako? Usaliretu!"

"Sunga mpweya, mlongoti iwe. Uufuna posachedwa."

Solvej anasiyiratu kulumpha. Ankaponya kampira kumbuyo kwenikweni, Ditte akathamangira kumeneko, iye n'kukagwetsera pafupi ndi neti. Uku, uko, ukunso. Mtsikana wamtaliyo anayamba kupuma ngati galu wothamangitsa njinga, thukuta lili kamukamu. Gemu yachiwiri anatenga Solvej, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva anthu akufuula dzina lake lenileni.

Yachitatu inali yokokanakokana mpaka kumapeto. Ditte atatsala ndi pointi imodzi, Solvej anayesanso kugwetsera pafupi. Kampira kanagunda pamwamba pa neti, kanazengereza pang'ono, n'kubwerera kwa mwini wake.

Basi, malo a m'timu anapita.

Ditte anamugwira chanza akupumira m'mwamba. "Iwe ndiwe mfiti. Miyendo yangayi sindikuyimvanso."

Kunja kunali mphepo yobaya m'mafupa. Solvej anapeza mayi ake ataima pafupi ndi galimoto, manja ali m'matumba. Misozi inali pafupi, koma anailetsa.

"Nenanitu kuti munanena," iye anatero.

Mayi Gunvor anatsegula chikwama n'kumupatsa buledi wakuda wopaka chiwindi, kenaka anamukonza mpango wa m'khosi.

"Kumtunda kuja kumaoneka bwino," iwo anatero. "Zaka zonsezi ndimangoona zimene sukuchita." Anakhosomola pang'ono. "Kugwetsa kwako kuja, dzanja umalipinda bwanji? Ine mpaka ndinasiya kusewera ndisanakuthe."

Solvej anawayang'anitsitsa kuti aone ngati akumunyoza. Sankamunyoza. Analuma buledi uja, natafuna mosafulumira.

"Lolemba mubwere ndi nsapato zanu ndidzakuonetseni," iye anatero. "Koma mukangokalipa kamodzi, ndikutulutsani m'bwalo."