Mfuti Itasiya Kukankha

Fiskani ndi mkazi wake Jenala ankakhala mokoma ku Chisemphere, mpaka anthu kumasirira. Mwamunayo anali ndi chilolezo chopha nguluwe zoononga chimanga. Mfuti yake inali yaukali. Akawomba inkamukankha ngati theche la bulu, ndipo akabwera kutchire phewa lili bii, Jenala ankamuthowa ndi madzi otentha.

Kenaka Fiskani anaikitsa kachitsulo kamabowo kukamwa kwa mfutiyo. Kachitsuloko kamatulutsira mpweya m'mbali, mfuti n'kusiya kukankha, koma phokoso lake, mayo ine, limaboola makutu. Fiskani sanamuuze mkazi wake. Ati za mfuti n'za amuna.

Tsiku lina Jenala akusoka fodya m'chigafa, mnzake Agnesi anati, "Amuna anuwa amapitadi kosaka? Ifetu timawaona akulowa kwa Thoko, namwino wa ku Kaluluma uja."

Jenala anayamba kusuzumira phewa lija mwamunayo akamavula malaya. Linali see, lopanda chotupa. Mlungu woyamba, wachiwiri, chimodzimodzi.

"Munthu wowomba mfuti phewa lake limakhala chonchi? Mumawombera kuti, bambo?"

"Usandisokose, mutu ukundiwawa."

"Ukuwawa chifukwa cha Thoko?"

Fiskani anangotuluka. Nsanjetu ikapeza khomo lotseka simagogoda, imadzipangira yokha mayankho.

Loweruka m'mawa Fiskani anasamba, navala malaya oyera, mfuti n'kuisiya pakhonde. Jenala anaitola. Anamuitana katatu ali kumbuyo kwake, mokweza ndithu. Mwamunayo sanacheuke. Jenala anawomba.

Kukhothi ku Kasungu, Thoko anabwera ndi kabuku kachipatala ka malemuyo. Anawerenga mawu ali pansipansi. Khutu lakumanzere linali litafa, lakumanja linkangomva munthu woyang'anizana naye. Fiskani ankabwera kudzalandira mankhwala mobisa, poopa kuti zikamveka amulanda chilolezo.

"Ndinawauza kuti achotse kachitsuloko," anatero Thoko. "Anati bola avutike makutu, phewa latopa."

Woweruza anagamula zaka makumi awiri. Jenala sanalire, sanagwe. Anangoima ngati munthu wodikira minibasi.

Wina anabisa matenda, wina anakhulupirira maso ake, ndipo nyumba inatha. Kundende amati Jenala savuta. Amadya, amasesa, salankhula ndi munthu. Kamodzi kokha anagwira mkono wa mlonda wamkazi n'kumufunsa kuti, "Ndiye kuti katatu konse kaja sanandimve?"