Fainolo ya Malemu Alick pa Golomoti

Ine sindikhalitsa malo amodzi. Ndinakulira ku Ndirande. Ndimayenda ndi kachikwama ka zitsulo, kukonza makompyuta kulikonse kumene minibasi yanditula. Za mizimu sindinkazilabadira. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa pa Golomoti, dzuwa likuswa mtengo. Mboni zilipo. Mayi Priscilla alipo. A Zakariya, telala wa pamsika, aliponso. Mukawafunse.

Unali Okutobala. Kuchigwa kuja kumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Minibasi yathu ya ku Salima inafera pomwepo. Kondakitala atamva ntchito yanga, anandilozera kashopu kuseri kwa msika.

Mkatimo munali kompyuta imodzi, sikirini yaikulu, mapadi awiri osewerera mpira ndi mabenchi. Mabenchiwo anali opanda munthu. Eni ake anali Mayi Priscilla. Amuna awo, a Alick, anamwalira m'dzinja, n'kuwasiyira shopuyo ndi mwana, Triza.

"Ikumangozima yokha, achimwene," anatero. "Mpira ukafika pokoma, thi! Anthu onse athawira kwa Frank, kutsidya kwa msewu. Mukailephera, Loweruka nditseka. Ndibwerera kwathu ku Mua."

Ndinaitsegula. Fumbi linali thoo. Pafani panali buluzi wouma. Ndinaseka. Matenda ake ndi amenewa, ndinatero mumtima: makina akatentha kwambiri amadzizimitsa okha kuti asapse. Ndinapukuta. Ndinapaka phala latsopano pa purosesa. Fani inayamba kuzungulira bwinobwino.

Tinayatsa mpira. Ine ndinatenga timu yobiriwira, mayiwo yofiira. Ndinagoletsa.

Kha! Sikirini bii.

Ndinasintha pawa sapulayi, n'kuika yanga ya m'chikwama. Kha! Ndinazula ramu, n'kuipukuta mano ake. Kha! Ndinachotsa ekisitenshoni yonse, n'kulumikiza kompyuta molunjika ku batire ya sola. Ndinagwira mkati. Mozizira ngati mtsuko.

Kha!

Apa thukuta langa linasintha. Phokosolo linkachokera pansi pa benchi, pa swichi ya ekisitenshoni. Ekisitenshoni imene ndinali nditaizula kale.

Pakhomo panaima bambo wamfupi, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Anali a Zakariya. Ankaseka mpaka kugwira chitseko.

"Amisiri a m'tauni, mwamaliza?" anandifunsa. "Siizima chisawawa iyi. Imazima ofiira akamagonja. Tayesani muone."

Ndinayesa. Ofiira akamatsogola, makina ankayenda osatsokomola n'komwe. Akangomwa chigoli, mdima.

"Ofiira anali a bambo a Triza," anatero Mayi Priscilla motsitsa mawu.

"Mnzanga uja sankadziwa kugonja," anatero a Zakariya. "Ukamumwetsa, chala cha kuphazi chinkakwawa pansi pa benchi. Kha! Kenako nkhope yosalakwa: 'Aa, magetsi!' Fainolo ya ligi ya pamsika pano inali ya iye ndi ine. Ndinkatsogola. Anathimitsa. Tinapangana zobwereza. Kenako anadwala."



Pamenepo m'pamene ndinamva fungo. Manachesi. Ongosendedwa kumene. Mwezi wa Okutobala, pamsika wonse panalibe nachesi ndi limodzi lomwe.

"Ankasenda akamasewera," ananong'ona mayiwo. Maso anali ndi misozi, koma pakamwa pankamwetulira. "Ndiye ndi inu, bambo a Triza, mukundithamangitsira makasitomala?"

Sanadikire. Anakoka mpando wa pulasitiki, n'kuuika patsogolo pa sikirini. Anaikapo padi. Anagwada pambali pake.

"Bambo a Triza, fainolo yanu nayi. Sewerani, mumalize. Koma mukathimitsa, mwagonja, ndipo ine ndikupita ku Mua."

Nkhani inathamanga msika wonse. Ogulitsa tomato anabwera. Akabaza anasiya njinga zawo. Ngakhale Frank anatseka kwake n'kudzasuzumira pawindo.

A Zakariya anavula tepi m'khosi.

"Sindikumvera chisoni, Alick. Kufa si chifukwa."

Sikirini inaonetsa mapadi awiri. Wezulo inalira. Ofiira anangoima ngati zitsa, monga zimakhalira padi ikakhala yopanda manja. A Zakariya anadutsa pakati pawo. Chigoli.

Palibe anakuwa. Tonse maso pansi pa benchi.

Fani yokha inkamveka. Panja mbuzi inalira, n'kusiya. Fungo lija linakula.

Swichi inanjenjemera. Ndinaiona. Inatsika pang'ono. Inaima.

Inabwerera.

Wosewera wofiira mmodzi anatembenuka. Anayenda. Anathamanga.

"Mayo!" anatero mayi wina wa tomato.

Padi inali pampando pomwepo. Mabatani ake ankalira okha. Tha, tha, tha. Wofiira uja anapinda mmodzi, anapinda wina, anaombera. Ukonde unagwedezeka.

"Ndi iyeyo!" anakuwa a Zakariya. "Kupinda kwa kumanzere kumeneko ndi kwake! Bwera, mbala iwe!"

Mantha anathawa m'chipindamo. Anthu anagawikana, ena a telala, ambiri a malemu. Akabaza ankamenya mabenchi. A Zakariya ankasewera ndi thupi lonse, lilime kunja, osamusiyira mnzawo mpata ngakhale pang'ono. Kutangotsala pang'ono kuti mpira uthe, ofiira anapeza kona. Mutu. Chigoli.

Wezulo yomaliza.

Nthungululu zinamveka mpaka pamsewu. Mayi Priscilla anamanga chitenje m'chiuno, n'kuvina mozungulira mpando uja. A Zakariya anakhala pansi, akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Koyamba kuwina osaba," anatero, "mpaka wachita kufa kaye."

Kompyuta inakhala yoyaka. Anthu anayamba kulimbirana mapadi. Ofiira anagonja kawiri ine ndikuona, ndipo sikirini sinaphethire n'komwe.

Minibasi yathu, itakonzedwa, inaliza hutala. Ndinalongedza zitsulo zanga. Munthu asanaitenge padi ya pampando ija, ndinali nditainyamula ndine. Inali yofunda. Yonyowa, ngati yochoka m'manja a munthu. Ndinatsatira chingwe chake kuti ndione ngati chili bwino.

Chinali lende kuseri kwa tebulo. Ndinachizula ndekha masana aja poyesa makina, ndipo ndinaiwala kuchibwezera.

Ndinachilumikiza mwakachetechete. Sindinauze munthu.

Shopu ija ikadalipo, ndipo imadzaza. Ine zala zanga zinanunkhira manachesi mpaka ku Salima.