Fayilo ya a Chadzunda, Nambala 417

Lemson Kadzamira anatuluka pageti la fakitale ya mabulangete ku Donnington leveni koloko ya usiku itadutsa, maso akuwawa, zala zili mbuu ndi fumbi la mapepala. Kombi yomaliza, minibasi yopita kwawo, inali itapita kalekale.

Chomwe chinamuchedwetsa chinali mafayilo. Kampani inalamula kuti mapepala onse a antchito, kuyambira nthawi ya Rhodesia, ajambulidwe ndi makina n'kusungidwa mu kompyuta, ndipo Lachisanu m'mawa atenthedwe. Bwana wake, Mayi Nokuthula, ananena poyera kuti kalaliki wosamaliza mashelefu ake asadzavutikenso kubwera. Lemson anali ndi ana atatu apasukulu. Ndiye Lachinayi limenelo ankangothira mapepala m'makina ngati chimanga pachigayo, osawerenga. Kompyuta ikafunsa ngati mwini fayilo akugwirabe ntchito, iye ankadina "inde" basi, poti batani limenelo ndilo linali pafupi ndi chala.

Njira ya kwawo ku Barbourfields inali zii, magetsi atazima. Anadutsa mafakitale otsekedwa, anawoloka njanji, mpaka anafika pamene msewu umalambalala mpanda wa manda. Anayamba nyimbo ya kutchalitchi. Ndime yachiwiri inamuthawa.

Kumbuyo kunamveka nsapato. Go... go... go...

Anaima. Nsapato zinaima.

Anayendanso. Go... go...

"Iwe kalaliki!"

Lemson anacheuka. Panali nkhalamba yaitali, yovala ovolosi yakhaki yamtundu umene kampani inasiya kugawa Lemson asanabadwe, chitini cha chakudya chili m'manja. Inkanunkha dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

"Salibonani, baba," anatero Lemson, kupereka moni m'chiyankhulo cha kumeneko.

"Za salibonani zakozo usiye. Ndiwe mdzukulu wa Kadzamira wa ku Dedza iwe, Chichewa umamva."

Kumva ankamvadi. Kuyankhula ndiye kunkamuvuta ngakhale masana.

"Ine ndine Gibson Chadzunda, nambala 417, wa kumakina olukira. Wakuuza ndani kuti ndikugwirabe ntchito?"

"Ndi... ndi kompyuta, madala."

"Kompyuta? Ndi foromani watsopano? Ngwa kuti ameneyo?"

Lemson anatsegula pakamwa, koma nkhalamba sinamudikire.

"Ndinapuma ine! Ndinapuma mwaulemu wake. Anthu anaimba usiku wonse, kampani inatumiza lole ndi bulangete latsopano. Lero ndili phee, ndangomva dzina langa likuitanidwa, ati Lolemba sikisi koloko ukhale pamakina. Ndi mawondo ati?"

Mtima wa Lemson unatsikako pansi. Kani ndi mkulu wopuma pantchito chabe! "Uxolo... pepani, madala. Ndikonza mawa. Mundipatse nambala ya foni."

"Kwathu mafoni safika. Tsamba lomaliza la fayilo yanga unalisiya. Linamatirira ndi tiyi wa kalaliki wakale, chidakwa chija. Ukalimatule. Ukapanda kutero, Lolemba ndidzabwera kudzakudzutsa, tidzapitire limodzi."

"Mumakhala kuti?"

"Pompano."

Lemson anawerama kuti alembe 417 pachikhatho. Ataweramuka...

Palibe!

Msewu wokha. Mpanda. Geti la manda lomangidwa ndi tcheni.

Miyendo inaganiza yokha. Anathamanga osacheuka, anadutsa bwalo la mpira ngati akuthamangira mpirawo, n'kukagwera pachitseko cha nyumba yake. Mkazi wake Dorah anatsegula, anamva nkhaniyo, n'kumununkhiza pakamwa. Atapeza kuti mowa mulibe, nayenso anachita mantha. Anagona nyali ili chiyakire.

Kusanache Lemson anali atafika kale kufakitale. Matumba a mafayilo anali ataunjikidwa pafupi ndi ng'anjo, moto utayaka. Anafukula thumba loyamba, lachiwiri, lachisanu ndi chimodzi. Fayilo 417 anaipeza. Masamba awiri omaliza anali atagwiranadi, pakati pali chizindikiro chozungulira cha kapu.

Mayi Nokuthula anafika n'kumupeza atakhala pakati pa mapepala, akumatula masambawo ndi lezala.

"Lemson, wapenga?"

"Musatenthe, bwana! Chonde musatenthe!"

Tsamba linamatuka. Inali kalata yofiirira ya kuchipatala. Mayiwo anaiwerenga mokweza: Gibson Chadzunda, wa kumakina olukira, anamwalira mu Ogasiti 1994, ndipo anaikidwa kumanda a m'mbali mwa msewu wa ku Barbourfields.

Lemson anafotokoza zonse. Mayi Nokuthula sanaseke. Analowa mu ofesi, anayatsa kompyuta, n'kuyang'ana mndandanda wa oyenera kufika Lolemba. Anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso.

"Lemson, dzulo unadina 'inde' kangati?"

"Sindinawerenge, bwana."

"Apa pali anthu 312 obadwa chaka cha 1930 chisanafike. Onse shifiti ya m'mawa."

Kenaka mayiwo anasuzumira pawindo n'kukuwira a kung'anjo kuti azimitse moto.

"Ndikukupatsa mpaka Lamlungu. Fayilo iliyonse uiwerenge mpaka tsamba lomaliza."

"Nanga ndikapanda kumaliza, bwana?"

"Lolemba udzaime pageti, udzawafotokozere wekha. Ine Chichewa sindimva."