Kobati Wochuluka Kuposa Wothira

Namba Wani anali atafufuta pepala lake kachitatu. Dzinali anampatsa ndi anzake chifukwa chiyambire sukulu palibe anampitirirapo. Tsikulo aphunzitsi a sayansi ankafuna kusankha mwana mmodzi yekha wokaimira sukulu ku mpikisano wa dziko lonse, ndipo mapepala ankafunika belu lisanalire.

Ntchito yake inali iyi. Madzi osungunuliramo kobati, mtundu wina wa chitsulo, ndi apinki. Ukathiramo kolorayidi, yemwe amapezeka mumchere, kobati wina amagwirana naye n'kusanduka wabuluu, mpaka zinthu zimafika pokhazikika: wapinki alipo, wabuluu aliponso. Ana ankayenera kupeza kuchuluka kwa aliyense. Namba Wani anayamba ndi kobati wokwana 0.10, ndipo atayeza anapeza kuti kolorayidi wachepa ndi 0.24. Analemba mothamanga kuti kobati wabuluu ndi 0.24.

Kusinki, mkulu wake ankatsuka timabotolo. Iyeyu anasiya sukulu atatenga pakati, ndipo mwana atayamba kuyenda anapeza ntchito yotsuka m'labu ya pasukulu pomwepo. Namba Wani sankafuna kuti anzake adziwe za ubalewu.

Popukuta tebulo, mkulu uja anasuzumira papepala n'kuima.

"Iwe," ananong'ona, "wathira 0.10, watulutsa bwanji 0.24? Ukaika mazira khumi mumphika, sungaphule makumi awiri."

Mtsikana wokhala pambali anaseka. "Eee, Namba Wani wapeza mphunzitsi watsopano! Ndi ndani wako ameneyu?"

Namba Wani anamva kutentha m'makutu. "Ndimawadziwa ngati? Mayi, inu zanu ndi sopo. Zamasamuzi zinakukanikani kale, tisiyeni."

Mkulu wake anamuyang'ana pang'ono, anapinda kansanza kake n'kubwerera kusinki. Madzi anawatsegula kwambiri.

Mawa lake aphunzitsi anaima pabolodi. "Kobati mmodzi amatenga makolorayidi anayi. Gawani 0.24 panayi, mupeza 0.06. Ameneyo ndiye wabuluu. Wapinki watsala 0.04." Kenako anakweza pepala lina osatchula mwini wake. "Uyu wapanga kobati wakewake, woposa amene ndinampatsa. Atiuze komwe ali ndi mgodi."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Anasankhidwa wina.

Anzake atatuluka, Namba Wani anatsala pampando, pepala lili m'manja. Nambala ziwiri zija zinali moyandikana, moti ngakhale mwana wamng'ono akanaona. Anadzuka n'kupita kusinki.

"Achemwali," anaitana. Aka kanali koyamba kuwatchula choncho pasukulu. "Achemwali, pepani."

Mkulu wake sanatembenuke. Anatsukuluza kabotolo, anakayang'ana powala, n'kukaika mozondotsa kuti kaume.

"Kuseka kwa anzako sikunandipweteke," anatero pamapeto pake. "Ndinazolowera. Ine mutu wa kobati umenewu ndinauphunzira theka, kenako ndinachoka. Ndimati iwe ukafika kumene ine sindinafike, udzandiuze mmene kulili."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Namba Wani.

"Pukuta m'maso, anthu angakuone," anatero mkulu wake akupukuta manja. "Ndipo ukafika kunyumba utulutse zovala zako m'chikwama changa chija. Ndinali nditakulongedzera kale za ulendo wa ku mpikisano."