Malovu a Anthu Awiri

Mlawi anatulutsa kalilime kake ka galasi n'kunyambita bala la pamkono wa Linile kamodzi kokha. Mtsikanayo sanaphethire n'komwe.

Makina amenewa anafika pa mapolisi onse m'chaka cha 2068. Munthu akaluma mnzake amasiya malovu pabala, ndipo m'malovumo muli DNA, chidindo chimene aliyense amabadwa nacho. Mlawi amachiwerenga, kuchifufuza m'kaundula wa dziko lonse, n'kutchula dzina tiyi asanazizire. Akuba anaphunzira kutseka pakamwa, koma munthu akapanikizika amaiwala maphunziro.

Linile ankayendetsa kabaza wamagetsi. Masana a tsikulo, panjira yodutsa m'minda ya nzimbe, mwamuna wina wobisa nkhope anamugwetsa. Linile anakakamira chiwongolero, mwamunayo anamuluma mpaka anataya, njinga n'kupita. Njingayo ndiyo inkadyetsa pakhomo, n'chifukwa chake amayi ake, a Nazimbiri, anachita kumukokera kupolisi magazi asanaume.

"Mayi, pabalapa munachitapo chiyani?" anafunsa Sajeni Kambalame, maso ali pa makina. "Akuti pali malovu a anthu awiri."

"Ndinatafuna masamba a chisoso n'kulavulirapo. Magazi amatuluka. Ndikanatani?"

"Koma timanena pa wailesi tsiku ndi tsiku kuti bala lisakhudzidwe."

"Wailesiyo inaberekapo mwana?"

Sajeni sanaseke. Malovu ena analidi a mayiwo. Enawo mwini wake sanapezeke m'kaundula, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma Mlawi ali ndi khalidwe lake: akapeza zidindo ziwiri amaziyerekeza, ngakhale palibe wamutuma. Anayankhula ndi mawu ake osakwera, osatsika.

"Woluma ndi mwana wamwamuna wa wolavula."

Sajeni anatembenukira kwa a Nazimbiri.

"Ana aamuna muli nawo angati, mayi?"

"Analipo mmodzi, Fatsani. Tinaika."

Anaikadi, koma osati thupi. Fatsani anapita ku Joni kukafuna ntchito zaka khumi ndi zinayi zapitazo, kaundula asanayambe. Kenako kunabwera uthenga woti lole imene anakwera inapsa panjira. Abale anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu, analiika m'manda, anameta. Linile anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lero akanakumana ndi mlongo wake pamsika, akanangopyolana.

"Makina anuwa akunama, bwana," anatero Linile.

"Sananamepo, achemwali."

A Nazimbiri anadikira kuti mtima uchite kanthu, kaya kukondwa kaya kulira. Sunachite. Ankangomva chisoso chikuwawabe palilime.

"Nanga tikati mlanduwu tausiya?" anafunsa motsitsa.

Sajeni anawatembenuzira makinawo. Mlawi anali atajambula kale nkhope kuchokera m'zidindo ziwiri zija, mwamuna wa chipumi chotambalala ngati chawo. "Yatumizidwa kale ku tindege tolondera. Mlawi safunsa. Dzuwa lisanalowe akhala atamugwira. Kulanda movulaza ndi zaka makumi awiri." Anakanda m'mutu. "Mukanapanda kulavulirapo, sitikanadziwa poyambira."

Mayiwo anagwedeza mutu ngati auzidwa mtengo wa sopo. Anatenga mkono wa Linile n'kuuyang'anitsitsa. Mano anali atadinda bwinobwino, ndipo pakati pa awiri akutsogolo panali kampata. Kampata kameneko ankakadziwa. Ali mwana, Fatsani ankaimbirapo likhweru.

"Anali wonenepa kapena wowonda?"

"Wowonda, amayi. Koma mphamvu anali nazo."

"Mukamugwira, bwana, mumupatse kaye chakudya."

Anatuluka panja n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, moyang'ana kuchipata. Tindege titatu tinadutsa pamwamba pawo kulowera ku minda ya nzimbe. Zaka zonsezi ankapempha Mulungu kuti angomuonanso mwana wawo kamodzi kokha, koma sanatchule kuti abwere motani.