Batire la Masiku Anayi

"Imeneyi ndi njinga kapena chigayo?"

"Kwerani mumve nokha, chemwali. Minibasi zonse zadzaza."

Umu ndi mmene Rafaeli, makaniko wa ku Chirimba, anadziwirana ndi Filomena pa siteji m'chaka cha 1996. Njinga yake yakapalasa anaimangirira kainjini ka pampu ya madzi, n'kulumikizako dainamo. Injini ikalira, nyali yakutsogolo inkayaka, batire la galimoto la pakaliyala n'kumatchajika.

Filomena ankakhala kumtunda kwa Chilomoni, kumene magetsi anali asanafike. Ankasoka zovala pa koloboyi mpaka maso kufiira.

"Duwa langa, utsi ukuphe maso ine ndilipo?" anatero Rafaeli, akumupachikira babu pamwamba pa makina osokera.

Batire linkakhala masiku anayi. Likatha, Rafaeli ankabweretsa lodzaza, ndipo pansi pa lakuthalo ankapezapo kakalata ka Filomena: "Kuwala kwanga, popanda iwe ndili mumdima. Wondikwatira ndiwe basi!"

Kenako batire linayamba kutha masiku awiri. Kenako tsiku limodzi.

"Babu limodzi lingadye moto chonchi?" Rafaeli anafunsa.

"Za mawaya ndingazidziwe ine, wokondedwa? Mwina batire lako lakalamba."

Pamitu ya batirelo panali tizipsera ta zopanira mawaya zokhala ndi mano. Rafaeli mawaya ake ankamanga ndi mabawuti. Masamu ankawadziwa, koma yankho lake sankalifuna. Anangoyamba kuzungulira ku Machinjiri kuti batire lizidzaza bwino.

Tsiku lina Filomena anamugwira dzanja. "Loweruka kwaya yathu ili ndi zochitika. Undibweretsere mabatire onse awiri Lachisanu. Loweruka upume, mtima wanga, usavutike n'kubwera."

Lachisanu lonse Rafaeli anakwera ndi kutsika zitunda mpaka injini kununkha. Anakasiya mabatire onse awiri ali odzaza.

Loweruka m'mawa anakumbukira kuti bawuti imodzi sanaimange bwino. Kwaya ichite manyazi chifukwa cha iye? Anatenga sipanala n'kuliza njinga.

Asanafike, anamva nthungululu. Pabwalo panali podzaza anthu, masipika akugunda, ankhoswe akupatsana tambala ndi thadzi.

"Mayi, kuli chiyani kuno?" anafunsa mayi wina pachipata.

"Simukudziwa? Chinkhoswe cha Filomena ndi a Everson, aja a wailesi yaikulu! Mwezi wonse akhala akubwera kudzamuyimbira makaseti."

Rafaeli anadutsa pakati pa ovina. Pansi pa tebulo panali mabatire ake awiri, zopanira za wailesi ya Everson zitaluma pazipsera zomwe zija.

Filomena anamuona. Anasiya kuvina, mbale yofupira ili m'manja. Everson, atavala malaya ofanana ndi chitenje cha Filomena, anamwetulira.

"Achimwene, ndinu a mabatire? Amphamvu zedi!"

Rafaeli anagwada pansi pa tebulo n'kugwira waya. Sanayang'ane Everson.

"Filomena, ndizule pompano, kapena ndidikire nyimboyi ithe?"