Telala Amene Analumbira Kusagwadanso

Mayi wina anali telala wa pakhonde la sitolo ya eni ake, ndipo makina ake akalekale ankangodula ulusi ngati ali ndi mano. Kutsidya kwa msewu kunali telala mnzake wa makina amagetsi, madiresi aukwati ali lendelende pawindo. Mayiyo akaponya maso kumeneko, mtima unkamuwawa mpaka kulavula.

Kunyumba kunali mwamuna wake wodwala chifuwa chosapola, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana woimba kwaya. Bamboyo ankangoti apirire, Mulungu sanawaiwale. Mayiyo ankamukalipira kuti maondo ake achita kukakala ndi kugwada koma kumwamba kuli zii, ndipo ameni sathira mumphika.

Tsiku lina masana anafunditsa makina nsalu n'kupita kwa sing'anga wa kuseri kwa msika. Mkuluyo sanamufunse n'komwe chimene wadzera. Anangomuyang'ana maondo.

"Mwagwada mokwanira, mayi," anatero sing'angayo. "Singano iyi mukaike pamakina. Koma bondo lanu lisadzakhudzenso pansi, kaya pamaso pa Mulungu, kaya pamaso pa munthu."

"Nanga likadzakhudza?"

"Amene ali patsogolo panu ndi wanga."

Mayiyo anaseka, tangoganizani, n'kumati mtengo wake ndi wotsika kuposa wa ulusi.

Singano ija inasokadi. Posakhalitsa anali ndi sitolo yakeyake, makina ali ndandanda, antchito akumuthamangira. Telala wa kutsidya uja anatseka, mayiyo n'kugula makina ake amagetsi uku akumuseka pamaso. Kutchalitchi anthu akagwada iye ankangoima chilili, akuti wagwidwa nyamakazi.

Kenaka tsiku lina sizasi inagwera pansi pa tebulo. Anaiwala, bondo linagunda simenti. Mphaka wa m'sitolomo, amene anali chogona pomwepo, anaphupha kamodzi n'kuuma gwa. Kuyambira pamenepo ntchito yopinda m'munsi mwa diresi, imene telala amaigwira chogwada, anaisiyira antchito.

Mwamuna wake atafika potsirizika anatambasula dzanja, n'kupempha kuti agwade pambali pa bedi apempherere limodzi. Mayiyo anaima pakhomo. Mantha anamutuluka ngati ukali, ndipo anamulalatira kuti bedi akugonapolo inagula ndi singano, osati mapemphero akewo. Mtsikana anagwada yekha. Bamboyo anamwalira dzanja lili chitambasulire.

Patapita nthawi mtsikanayo anapeza banja. Diresi anasoka mayi ake ndi manja awo, kuti anthu onse amene ankawanyoza kale aone. M'mawa wa tsiku laukwati mkwatibwi anaima pagalasi, ndipo mayiyo anaona kuti mbali imodzi ikukwekwereza pansi. Antchito onse anali atatsogola kutchalitchi. Mtsikana anati zisiyeni, palibe amene aone. Koma matama a telala wotchuka akanalola zimenezo? Analuma mapini, manja n'kuyamba okha ntchito imene anaizolowera kuyambira utsikana.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi kuzizira kwa simenti.

Mwana wake anali kumuyang'ana, misozi yachimwemwe ili mbwembwembwe.

"Amayi, mwagwada! Ndakhala ndikupempherera maondo anuwa tsiku lililonse. Mwaona, Mulungu amayankha."

Anagwera pamapewa pa mayi ake, thupi likuzizirira m'manja mwawo. Anamuika m'manda ndi diresi lomwelo, mbali imodzi ili yosapinda.

Mayiyo lero simungamuimiritse. Amayenda ndi maondo mumsika monse, mapini ali kukamwa, n'kumagwira m'munsi mwa zovala za atsikana odutsa kuti awapindire. Anthu amathawa, ena amamugenda, ndipo palibe amene amafuna kuima patsogolo pake.

Dyera ndi loipa, abale anga. Mavuto akakula, pirirani muli chogwada pamaso pa Mulungu, ngakhale aoneke ngati akuchedwa. Wokupatsani chuma chamsanga amakulandani bondo kaye, kenaka amabwera kudzatenga amene mumamukonda.